Goliati ndi Chitseko cha Alamu Ake

Msuweni wanga Goliati mukanamuimika pamodzi ndi mpini wa khasu lake, mpiniwo ndi umene ukanapambana. Dzinalo anamupatsa mphunzitsi wa ku mishoni atamuona ali khanda lonenepa, ndiye mwanayo atangolandira dzina anaona kuti basi wakwana, kukula n'kulekera pomwepo. Nthawi ya nkhondo anzake akulembedwa usilikali iyenso anakaima pamzere. Sajeni anamuyang'ana kuchokera kumutu kufika kuphazi, ulendo wosatenga nthawi, nati, "Iwe pita ukaitane akulu ako." Ndikulemba izi mosaopa chifukwa ndine msuweni wake, ndipo pachisuweni palibe mlandu. Iye anandinena zoposa apa, kungoti sankadziwa kulemba.

Makolo athu anachokera kutsidya kwa Apwitikizi nadzakhala kufupi ndi Chiringa. Goliati anali ndi mlongo mmodzi yekha, Alesi. Chaka cha njala ya 1949 mayi awo anatupa miyendo, ndipo Goliati ankayenda masiku awiri kukasuma makaka, chinangwa chouma chija, n'kubwera nacho pamutu. Mayiwo sanachire. Akutsirizika anamugwira dzanja nati, "Mlongo wakoyu usadzamusiye akulira." Mawu abwino ndithu. Koma Alesi anali munthu wodziwa kulira, ndipo Goliati anali munthu wosadziwa kuiwala.

Goliati anakwatira Belita kutsidya kwa mtsinje, ulendo wa ola limodzi, nakhala mkamwini kumeneko monga tonse tinkachitira. Alesi anakwatiwa ndi Makina, kalipentala wa ku Nkhulambe, munthu wamtali, wosalankhula zambiri, amene anabwera kudzakhala pamudzi pa mkazi wake. Nkhoswe ya Alesi inali Goliati yemweyo, popeza wina kunalibe.

Masiku amenewo zitseko zathu zinali za bango, zotseka ndi mpiringidzo. Makina anapala chitseko cha mbawa, cholemera ngati ng'ombe, cha mahinjesi awiri akuti ukangochitukula chachoka. Anthu ankachita kubwera dala kudzachigogoda kuti amve kulira kwake. Nyumba inali pa malo a Alesi, munda wa Alesi, ana a mtundu wa Alesi. Chitseko chokha ndicho chinali cha Makina.

Tsopano imvani mmene zinkayendera, chifukwa zinkayenda chimodzimodzi ngati nyimbo ya m'tchalitchi. Awiriwo akasemphana mawu, Alesi ankabereka mwana, n'kuwoloka mtsinje akulira. Goliati ankaponya khasu pansi, n'kuthamanga, n'kukaima pabwalo pa alamu ake atatukula khosi ngati tambala, n'kuyamba kukalipa. Makina ankangolowa, n'kutukula chitseko chake, n'kuchisenza, n'kulunjika njira ya ku Nkhulambe. Apo Alesi ankaliranso kulira kwina: "Mayo, achimwene, mwandithamangitsira mwamuna! Ndigona bwanji ndi ana pa nyumba yapululu?" Goliati uja mkwiyo n'kutha, n'kuyamba kulondola alamu ake, kukawapepesa, kuwanyengerera. Makina ankavomera kubwerera, koma ankati khosi lake latopa. Ndiye chitsekocho ankachisenza pobwerera ndi Goliati.

Ine ntchito yanga inali yogulitsa matemba a ku Chilwa panjinga, choncho njira zonse zinali zanga. Ndinakumana nacho chitsekocho kangati kaya. Ukamachiona patali unkayesa chikuyenda chokha, chifukwa munthu wake sankaoneka, timiyendo tokha pansi ngati kamba.

"Asuweni, mwayamba kugona panjira kuti muziyenda ndi chitseko?"

"Choka iwe, wanunkhitsa dziko lonse ndi matemba ako."

Zinayenda chotero zaka zisanu. Zinafika poipa mu Okutobala wa 1956. Chaka chimenecho kunali zinthu ziwiri zimene zinkatisowetsa mtendere. Choyamba afisi. Anali atasiya mbuzi n'kuyamba anthu, makamaka ana ndi iwo ogona pakhonde chifukwa cha kutentha, moti dzuwa likamapendeka mayi aliyense ankawerenga ana ake. Chachiwiri malimidwe. Boma linkafuna mizere yopingasa m'munda uliwonse mvula isanagwe, ndipo kapitawo wake anali atadutsa kale kawiri pamunda wa Belita n'kupeza theka lili chigonere. Mwini khasu anali kotanganidwa ndi chitseko.

Belita anafulula mowa wa dima, woitanira anthu kuti adzathandize kulima. Anabwera amuna khumi ndi awiri. Mwambo wake ngwakuti mwini munda ndiye amatsogolera mzere, ndipo ndiye amaweruka pomaliza. Dzuwa lisanafike pamutu, kunamveka kulira kuchokera kumtsinje. Goliati anasiya khasu lili chiimire m'nthaka, alendo ake ali chiweramire, n'kuthamanga. Amuna aja anayang'anana. Wina anati, "Mwini munda wathawa munda wake, ife tikufera chiyani?" Anapita pamthunzi, mowa n'kuumwa wonse, n'kubalalika.

Kwa Alesi tsiku limenelo Goliati analankhula mawu amene mkamwini sayenera kuuza mkamwini mnzake. Anati, "Alamu, muzikumbukira kuti pano si kwanu." Chitseko chinachoka, iye anakapepesa, nachisenza. Atachitula pakhomo, thukuta lili chuchuchu, Alesi anatunga madzi n'kupatsa mwamuna wake, osati iye.

"Achimwene, nanunso mumalankhula mopyola. Munthu wamkulu kumuuza kuti pano si kwawo?"

Makina anamwa madziwo, napukuta pakamwa. "Ine ndi amake Lenia sitivutana. Amativuta ndi achibale."

Goliati anabwerera khosi lili gwa. Kunyumba anapeza mitsuko yopanda kanthu, munda uli momwe unalili, ndipo pakhonde atakhala a Phillip, atsibweni ake a Belita, amene ndiwo anali mwini mbumba pamudzipo. Sanali munthu waukali. Ankalankhula motsitsa ngati akukufunsa za chimfine.

"Akamwini, mwabwerako?"

"Ndabwerako, atsibweni. Kunali nkhani ya unkhoswe."

"Unkhoswe ndimaudziwa, nanenso ndine nkhoswe. Nkhoswe imayala mphasa, n'kuitana nkhoswe inzake, n'kukhala pansi. Iyi yothamanga ndi chitseko pamutu ndaionera kwa inu." Analoza pamtanda wa khonde. "Bulangeti lanu ndi ilo. Ndalipachika panja kuti musadzavutike kulowa m'nyumba. Tsiku limene mudzawolokenso mtsinje chifukwa cha chitseko chija, mudzalitengeretu. Mwana wanga sangakwatiwe ndi munthu wokwatira kwa mlongo wake."

Mkamwini akamachotsedwa amachoka ndi bulangeti lokha. Ana atatu a Goliati akanatsala, nyumba ikanatsala, Belita akanatsala.

M'mawa mwake ndinadutsa pamenepo kukasiya matemba. Ndinapeza Belita akuphika kalongonda. Amene simuidziwa, ndi nyemba zathu Alomwe, zimene zimaphikidwa tsiku lonse uku ukutaya madzi ndi kuthira ena, chifukwa ukazifulumizitsa zimazunguza mutu. Goliati anali atakhala pafupi, akusisita khosi, akudandaula.

"Taona mmene latupiramu. Zaka zisanu, Belita. Njala ija ndani anamusenzera makaka? Lero akuti wovuta ndine. Ndipo kunonso andipachikira bulangeti ngati ndine wakuba. Ine ndinalakwira yani? Iwe sungapite kwa atsibweni ukawauze kuti akundizunza popanda chifukwa?"

Belita anatsanula madzi akuda aja, nathira ena. Sanamuyang'ane.

"Bambo a Julius, mukudziwa mukulira ngati ndani?"

"Ngati ndani?"

"Ngati Alesi. Mawu ake omwewo, kakhalidwe kake komweko, kwangotsala mwana kumbuyo. Mukufuna ndimange nsalu m'chiuno ndikakalipire atsibweni. Akakakwiya, inu mudzati Belita walankhula mopyola. Ine sindipita. Bulangetilo ndikulifuna m'nyumba kuposa mmene mukulifunira inu, koma sindine ndinalitulutsa, ndipo sindine ndingalilowetse."

Ine ndinaona kuti mpata wapezeka woti ndithirepo tsabola.

"Asuweni, ndikufunseni. Alamu anu akanyamula chitseko mumakawapeza kuti?"

"Pamkuyu wa pamphambano."

"Ulendo wathawu?"

"Pamkuyu."

"Chaka chatha?"

Anangosisita khosi.

"Ku Nkhulambe n'kutali, asuweni, koma munthu zaka zisanu osapitirira mkuyu umodzi? Dzulo ndinawapeza atagoneka chitseko pansi, atakhalapo, akudya chinangwa chootcha chimene anachita kunyamula. Anandifunsa kuti, kodi alamu sunawaone, lero achedwa." Ndinaloza pamoto. "Mphika uwu wakhala pa mafuwa angati? Atatu. Inu ndinu lachitatu lija, lalifupi, limene amaliika kuseri kuti lizidya utsi."

Ndinkayembekeza kuti andituwitsa ndi mawu monga mwa masiku onse. Sanaseke, sanatukwane. Anangoyang'ana mphikawo, kenako anatenga khasu n'kupita kumunda.

Panapita masabata atatu. Mitambo inayamba kusonkhana paphiri la Michesi, kapitawo wa malimidwe anali atanena kuti abwera Lolemba, ndipo kumudzi wina chakumunsi fisi anali atatenga mwana pakhonde Lachinayi lomwelo. Loweruka masana ndinali kumunda kwa Goliati, ndikudikira kuti Belita andipatse nandolo wouma. Mizere inali itatsala isanu ndi umodzi. A Phillip anali atakhala pachulu akupota chingwe.

Kulira kunamveka kuchokera kumtsinje.

Khasu la Goliati linaima m'mwamba. Belita anasiya kupeta. A Phillip sanatukule n'komwe mutu, koma zala zawo zinaleka kupota.

Alesi anatulukira ali ndi khanda kumbuyo, Lenia ndi mng'ono wake akumutsata. Ulendo uno nkhani inali itapita kale patsogolo. Makina sanadikire kukalipiridwa, anali atachotsa kale chitseko.

"Achimwene! Wapita nacho! Dzuwa ndi ilo, afisi ali m'mudzi, ine ndi ana atatu pa nyumba yopanda chitseko. Fulumirani!"

Ndinaona phazi la Goliati likusuntha lokha. Linali litazolowera. Analibweza.

"Alesi, wakumenya?"

"Ayi, koma..."

"Anakumenyapo?"

"Sanandimenyepo, koma mawu ake, achimwene!"

"Tsiku limene adzakweze dzanja, kapena limene iwe udzanene kuti banja sukulifunanso, ndidzaitana nkhoswe yake ya ku Nkhulambe, tidzayala mphasa. Pamenepo ndidzaima nawe mpaka mapeto. Koma lero sindipita."

Alesi anaima ngati waponda njoka. "Mwati bwanji?"

"Ana awa agona kuno, kuseri kwa chitseko changa. Ndi cha bango koma mpiringidzo wake ngwolimba. Iwenso ukafuna, mphasa ilipo. Mwamuna wako ali pamkuyu wa pamphambano. Njira ukuidziwa."

"Ndikamuuze chiyani ine?"

"Zimene umandiuza ine kuti ndikamuuze."

Apo Alesi anasiya Chinyanja n'kulowa m'Chilomwe, chilankhulo chimene timatukwaniramo bwino. Anamutchula mlongo wake wamantha, kapolo wa mkazi, munthu wogulitsa magazi ake ndi mizere ya nandolo. Goliati anangogwira mpini. Kenako Alesi anatsitsa mawu, ndipo apa ndi pamene panali poopsa.

"Amayi anakuuzani chiyani akufa?"

Belita anayang'ana pansi. Kuchokera pamene tinaima, bulangeti lija linkaoneka pakhonde.

"Anati ndisakusiye ukulira," anatero Goliati. "Ndathamanga zaka zisanu, Alesi. Kodi unaleka kulira?"

"Fisi akandigwira panjira, magazi anga ali pamutu panu."

"Dzuwa likadalipo. Ukanyamuka tsopano ufika kukuwala."

Goliati anawerama, nakhoma khasu pansi. Sindinaonepo munthu akulima moipa chotero. Mzere unkapita uku ndi uku ngati njira ya woledzera, chifukwa maso ake anali odzaza misozi. Koma sanatembenuke. Alesi anaima kanthawi akudikira kuti mwina atembenuka. Belita anabwera mwakachetechete, natenga ana awiri aja padzanja, napempha ndi khanda lomwe. Alesi anamasula, napereka, nachoka osatsazika.

Ine mtima sunandilole kukhala. Ndinakwera njinga n'kudzera njira yachidule, osati kukathandiza ayi, ndimangokonda kuona zinthu. Ndinapeza Makina pamalo pake, pamwamba pa chitseko, chinangwa chitatha, akuyang'ana dzuwa.

"Iwe wa matemba, alamu ali kuti?"

"Akulima."

"Akulima? Sanamve?"

"Amva. Akuti sabwera."

Makina anaimirira, nakhalanso. Anayang'ana njira ya ku Nkhulambe, imene sanaipondepo ndi chitseko, n'kuyang'ananso dzuwa. "Nanga ana?" Ndinamuuza kumene ali. Anapuma. "Tamvera, mnzanga. Uli ndi njinga. Thamanga ukamuuze amake Lenia kuti ine ndikhoza kubwerera ngati iye..."

Kunena zoona, lilime langa linali litavomera kale. Ntchito imeneyi ndi yokoma, anthu awiri akulu onse akuyang'ana pakamwa pako. Ndinamvetsa tsiku limenelo chimene chinkamuthamangitsa msuweni wanga. Koma ndinakumbukira khosi lake.

"A Makina, njinga yangayi imanyamula nsomba zakufa zokha. Mawu amoyo salola."

Mthunzi wa mkuyu unali utawoloka msewu pamene Alesi anatulukira. Anaima poteropo, manja m'chiuno. Awiriwo anayang'anana, kenako onse anayang'ana ine. Ine ndinayamba kukonza tcheni chimene sichinawonongeke.

"Ndiye ukupita kwanu?" anatero Alesi.

"Kwathu n'kuti? Si iwe unauza ana dzulo kuti bambo awo ndi tambala wobwereka?"

"Ndinanena chifukwa sabata yonse unali ku Migowi ukupala mashelefu a sitolo, munda uli tchire!"

"Munda wa yani? Ndikabzala mango akuti mkamwini sabzala mtengo. Ndikadzudzula mwana akuti ali ndi atsibweni ake. Pamudzi ponse paja changa ndi ichi." Anamenya chitseko ndi chikhatho. "Ichi chokha!"

"Ndiye uzichinyamula? Ukudziwa mmene mtima wanga umachitira ndikachiona chikutuluka? Bambo anga anatuluka chomwecho, akuti ndikupita ku Halale chaka chimodzi. Mpaka lero. Ndikakuona wanyamuka ndimati basi, uyunso wapita."

Makina anati, "Sunandiuzepo zimenezo."

"Ndinauza achimwene."

"Alamu anangondiuza kuti pano si kwanu."

Anakangana mpaka dzuwa linakhudza phiri, ndipo sindinganame kuti anagwirizana. Koma chakutali, kumunsi kwa dambo, kunamveka kulira kuja kumene tonse tinkakudziwa, huuwi. Alesi anagwira chitseko kutsogolo. "Tukula uko, chitsiru iwe." Makina anatukula kumbuyo. Anayenda nacho chopingasa ngati machira, akutukwanizana za yemwe akupendeketsa, ine ndikukankha njinga pambuyo mpaka ndinamva mahinjesi akulowa m'malo mwake.

Ndinagona kwa achibale kufupi pomwepo, n'kulawirira kwa Goliati. Ndinamupeza ali kale kumunda, maso ali psuu, mizere yonse itatha, ingakhale iwiri yomalizayo inali yochititsa manyazi. Atandiona anathamanga.

"Asuweni, waona chiyani? Ali moyo? Anakumana?"

"Pepani, asuweni. Ine mawu a banja la eni sindinyamula."

Anatola chibuma n'kundigenda nacho. Pamenepo ndinadziwa kuti wachira, ndipo ndinamuuza zonse. Anakhala pansi pamzere, nabisa nkhope m'manja. A Phillip anabwera, nayendera munda kuchokera kumtunda mpaka kumunsi, nati, "Iwiri iyi mukonzenso kapitawo asanaione." Podutsa pakhonde anakweza ndodo yawo, nakola bulangeti lija, naligwetsera m'manja mwa Belita. "Likuchita fumbi panja pano."

Alesi sanamulankhule mlongo wake mpaka nandolo anakhwima. Chitseko chinatulukanso kamodzi chaka chotsatira, koma popeza womusenzera panalibe, Makina anaona kuti kulemera kwake n'kopanda phindu, nachikhomera mahinjesi ena osachoka. Mphasa ya ankhoswe inayalidwa kamodzi kokha, pa nkhani ya mango, ndipo Goliati analankhula mawu ochepa ali chikhalire: munthuyu abzale. Mitengoyo ilipo mpaka lero. Kukangana sanasiye, awiri aja. Anakalamba akukangana, koma m'nyumba mwawo.

Goliati anakhala ndi Belita zaka zina makumi awiri ndi mphambu. Sanatchuke ndi kanthu. Ankalima nandolo, ankaimba mokweza kuposa msinkhu wake m'tchalitchi, ndipo anthu okangana akabwera kwa iye ankawafunsa kaye kuti, "Mnzakoyo wamuuza?" Atamwalira, matabwa anasowa pamudzi. Tili pasiwa tinangoona Makina akubwera, mutu uli mbuu ndi imvi, chitseko cha mbawa chili pamutu, Alesi akumutsata ndi sowo ndi misomali. Anachitula pabwalo nati, "Anachisenza kokwanira. Lero chimunyamule iyeyo."

Anapala bokosi tsiku lomwelo. Ndipo poti munthu wake anali Goliati, matabwa anatsalako okwanira kampando, kamene Belita anakhalira mpaka imfa yake.